Mmene ndinafufutira dzanja la malemu a Mhango

Anthu ambiri amalakwa chifukwa cholankhula kwambiri. Ine ndinalakwa nditatseka pakamwa, ndili ndekhandekha kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Chibanja mu Mzuzu, amayi a mpingo akuimba nyimbo zachitonthozo pabalaza. Mpaka lero ndikamva fungo la parafini ndimayang'ana pansi.

Ndiyambe ndi kudziulula. Ndinaleredwa ndi agogo ku Mchengautuwa, makolo anga atamwalira ndisanayambe sukulu. Agogowo anachokera ku Dedza kalekale kutsatira amuna awo, ndipo Chichewa chawo chikadali ngati cha munthu amene watsika basi pa depoti dzulo. M'nyumba mwathu munali anthu awiri, wolankhula anali mmodzi. Choncho ine ndinaphunzira kuyang'ana. Ndimaona zonse, koma sindifunsa kanthu. Munthu akamandifotokozera chinthu ndimagwedeza mutu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngakhale nditasochera pa mawu achiwiri. (Aphunzitsi anga a Sitandade 6 ankandiyesa wanzeru kwambiri mpaka tsiku lobweza mapepala a mayeso.)

Kwa zaka zinayi ndinali dalaivala wa a Mhango, bambo wachikulire amene anapuma ntchito yoyeza malo. Maso awo anali atayamba kuchita chifunga, ndiye akazi awo, a NyaGondwe, anawaletsa chiwongolero. Galimoto yawo inali yakale, yobiriwira moderapo, yaikulu kwa ine ndi zaka ziwiri. Kuyendetsa ankandilola. Kutsuka ndi madzi ankandilola, iwo ataima pambali manja ali kumbuyo. Koma kupaka phula ayi.

Phulalo linali m'chitini chachikasu chimene ankasunga m'kabati ya kuchipinda, osati m'galaja. Pakatha miyezi itatu iliyonse, Loweruka m'mawa, ankandiuza kuti ndiimike galimoto pansi pa mtengo wa mapeyala, kenako ankatuluka atanyamula chitinicho ndi manja awiri ngati mbale ya chopereka.

"A Dalaivala, uyu si polishi wa nsapato," ankatero nthawi zonse, ngati sanandiuzepo. "Ili ndi kanauba. Limachokera pa masamba a mgwalangwa wa ku Brazil. Mtengo umalipanga kuti madzi asaulowe. Mukumva?"

Ndinkagwedeza mutu.

Ankapaka pang'ono kwambiri, mozungulira, kachigawo kamodzi panthawi imodzi. Ankadikira kuti liume mpaka lichite mbuu, n'kudutsitsapo chala kuti aone ngati lakonzeka, kenako n'kupukuta ndi vesiti yakale yofewa. Akamaliza, galimoto sinkathobwa m'maso ngati zatsopano za m'tauni zija. Kuwala kwake kunali kwa mkati, kofunda, ngati ukusuzumira m'chitsime masana. Ndiyeno pamapeto pake ankatenga kapu ya madzi, n'kuitana akazi awo.

"NyaGondwe, zaninge muwone."

A NyaGondwe ankatuluka akupukuta m'manja, akudandaula kuti ndiwo zipserera. A Mhango ankathira madzi pa boneti. Madziwo ankasanduka timikanda tozungulira, n'kuthamangira pansi osasiya chizindikiro.

"Maji ghakuchimbira," ankatero a Mhango monyadira, kutanthauza kuti madzi akuthawa.

"Ndaona, adada. Chaka chatha ankathawanso," ankayankha akazi awo, n'kubwerera kukhitchini akumwetulira chamumtima.

Ulendo womaliza anapaka Loweruka lina kumayambiriro kwa dzinja. Patatha milungu iwiri anagwa m'bafa, ndipo sanadzukenso.

Maliro atatha, abale atabalalika, ine ndinapitiriza kubwera m'mawa uliwonse, ngakhale panalibe woti ndimuyendetse. Ndinkasesa pabwalo, ndinkalizako injini kuti batire isafe. M'masiku amenewo ndi mmene ndinaonera chinthu chimene sindinayenera kuona. Tsiku lililonse, dzuwa lisanakwere, a NyaGondwe ankatuluka ndi kapu ya madzi, atafunda nsalu yakuda, n'kulowa m'galaja. Ankathira madzi pang'ono pa boneti, n'kuima chiimire mpaka kamkanda komaliza katagwera pansi. Kenako ankabwerera m'nyumba. Sankalira. Ine ndinkakhala kuseri kwa thanki ya madzi, tsache lili m'manja, ndikunamizira kusesa malo amodzimodzi.

Ndinamvetsa kuposa mmene akanaganizira. Makolo anga sanandisiyire chinthu chilichonse chimene ndinganene kuti apa panadutsa dzanja lawo. Chithunzi chokha, nachonso chinadyedwa ndi chinyontho mpaka bambo anga anatsala jekete.

Patatha mwezi ndi theka, Lachisanu, a NyaGondwe anandiitana pakhonde.

"Mwana wane, mawa kubwera amayi a mpingo kudzapemphera nane. Lamulungu ndiyambiranso kutchalitchi. Ndikufuna ndipite pa galimoto ya adada anu."

"Chabwino, amama."

"Mungoichotsa fumbi. Madzi okha ndi nsalu. Musaikepo kanthu kena. Paja amene anaipaka komaliza ndi eni ake."

Ndinagwedeza mutu. Ulendo uno ndinali nditamva mawu onse, ndipo chimenechi ndi chimene chimandipweteka.

Loweruka m'mawa ndinaitulutsa m'galaja n'kuiimika kuseri kwa nyumba. Nditaitsuka ndi madzi ndinaona vuto. Pa buti panali timizere tozungulira tisanu, tooneka bwino. Nthawi ya maliro azibambo ena ankakhala m'galaja kuthawa mvula, ndipo buti ya a Mhango anaisandutsa tebulo loikapo makapu a tiyi. Ndinapukuta ndi nsalu yonyowa. Timizereto tinazirala pang'ono koma sitinachoke. Munthu wina aliyense akanati zilibe kanthu, ndani amayang'ana buti ya galimoto pakhomo la tchalitchi? Koma ine ndimaona zonse, ndipo ndimaganiza kuti anthu ena onse amaonanso.

Ndinakwera njinga yamoto kupita m'tauni, ku sitolo ya Che Saidi pafupi ndi msika. Che Saidi ndi bambo wa ku Mangochi amene amagulitsa zokongoletsera galimoto, ndipo a Mhango ankagula kwa iwo mababu ndi timaraba ta mawaipa. Atandipepesa za maliro, ndinawauza za timizere ta tiyi. Anatsitsa botolo lopopera, la madzi ofiirira onunkhira ngati switi.

"Achimwene, aka n'kofulumira. Anyamata a kotsukira galimoto amakakonda. Mumangopopera fuu, n'kupukuta, basi yawala. Koma tamverani. Pamthunzi, chitsulo chitazizira. Pang'ono pokha, osati ngati mukuthira mbewu. Nsalu ikhale yofewa. Ndiye ndifunse, pagalimotopo pali chiyani kale? Chifukwa kameneka kali ndi kuwala kwakekwake. Pa phula lenileni lija kamasintha maonekedwe."

Apa ndi pamene munthu wabwinobwino akanati, pali kanauba, anapaka ndi malemu, ndipo mayi wamasiye wandiletsa kuikapo kanthu. Ine ndinagwedeza mutu.

"Ndiye kuti palibe?"

Ndinagwedezanso. (Sindikudziwa kuti mutu wangawo unkatanthauza chiyani. Che Saidi nawonso sanadziwe, koma kunja kunali kasitomala wina akuliza hutala.)

Pobwerera ndinapeza amayi a mpingo afika. Nsapato zawo zinali ndandanda pakhonde, nyimbo itayamba. Ndinazembera kuseri ngati wakuba.

Ndinapopera kamodzi pa kamzere kamodzi, n'kupukuta. Kanachoka. Ndinapopera pa tinayi totsalato, natonso tinachoka. Mtima unakhala pansi kwa mphindi imodzi, mwina ziwiri. Kenako ndinabwerera m'mbuyo masitepe atatu kuti ndione ntchito yanga. Pamene ndinapoperapo pankawala, inde, koma kuwala kwina. Kunali kwakuthwa, kozizira, kokhala pamwamba ngati galasi la sitolo. Pozungulira ponse panali kuwala kwa a Mhango, kofatsa kuja. Pakati pa buti panaoneka chigamba, ngati munthu wasoka nsalu ya nayiloni pa jekete ya ubweya.

Nzeru imene inandibwerera inali yoti ndifananize. Ndinapopera buti yonse. Buti inafanana yokhayokha, koma inasiyana ndi mbali zake. Ndinapopera mbalizo. Zinasiyana ndi zitseko. Mukuona kumene nkhaniyi ikupita, ndipo ine ndinkaonanso, koma dzanja linali litazolowera kale kufinya. Pabalaza anali atafika pa nyimbo yachitatu, ya ulendo wa kumwamba, pamene ndinafika pa boneti. Pa boneti ndinaima. Ndikufuna zimenezi zidziwike, kuti ndinaima kaye. Kenako ndinapopera.

Amene amadziwa Mzuzu akudziwa kuti kumwamba kwa kuno sikupangana ndi munthu. M'mawa monse kunali mitambo. Nditangonyowetsa boneti ndi denga, mitambo inang'ambika, dzuwa linatuluka lonse. Mtengo wa mapeyala uli kumaso kwa nyumba, kumene amayi a mpingo akanandiona pawindo. Kuseri kulibe mthunzi ngakhale wa nkhuku. Chitsulo chinatentha, mankhwala aja anayamba kuuma ndisanawapukute. Nsalu imene ndinali nayo inali thaulo lakale lokhakhala, chifukwa vesiti ya a Mhango inali m'kabati limodzi ndi chitini. Ndikapukuta apa, apo pauma. Ndikapopera ena kuti ndifewetse ouma aja, ndawonjezera. Botolo litafika pakati, galimoto yonse inali mizere yotuwa yopingasana, ngati nkhono za mu Chibanja monse zinachitirapo msonkhano.

Ndikanatha kuimbira Che Saidi. Nambala yawo inalembedwa pa chikwangwani cha sitolo ndipo ndinkaidziwa pamtima (paja ndimaona zonse). Koma kuimba kukanafuna kuti ndifotokoze. M'malo mwake ndinalowa kochapira, ndinatenga sopo waufa wochapira zovala, ndinasungunula m'ndowa ya madzi ofunda mpaka thovu linasefukira. Ndinatsuka galimoto yonse ndi mphamvu zanga zonse, kawiri.

Mizere inachoka. Ndinasangalala mpaka pamene ndinathira madzi otsukuluza pa boneti. Madziwo sanathawe. Anangoyala, chinsalu chimodzi chonyowa, n'kumatsika mwaulesi ngati pa lata lakale. Ndinathiranso. Chimodzimodzi. Utoto utauma unaoneka mmene unalili weniweni, wokalamba, wotopa, wa zaka zoposa zanga. Sopo uja anachotsa mankhwala a Che Saidi, n'kuchotsanso zonse zimene zinali pansi pake.

Pabalaza wina anali akupemphera mokweza kuti Ambuye asunge zonse zimene bambo Mhango anasiya.

Ndinabweza galimoto m'galaja, ndinaifunditsa lona, n'kupita kwathu kukadya nkhomaliro imene sindinaidye. Agogo anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Wagunda munthu?"

"Ayi, agogo."

"Wagunda mbuzi?"

"Ayi."

"Ndiye nkhope imeneyo waitenga kuti? Lankhula, iwe. Ndinalera mwana, sindinalere mtondo."

Ndinawauza. Agogo ndi munthu yekhayo amene amatha kutulutsa mawu mwa ine, ndipo amachita ngati akuzula chinangwa m'nthaka youma. Atamva, sanadandaule n'komwe. Analowa kuchipinda n'kutulukira ndi chitini cha mkaka waufa chodzaza ndi polishi wawo wapansi. Amapanga okha: amasungunula makandulo, n'kusakaniza ndi parafini. Simenti ya m'nyumba mwathu imawala kuposa ya wina aliyense mu mzere wathu, ndipo alendo awiri anatererapo kale.

"Phula ndi phula," anatero. "La ku Brazil, la ku Mchengautuwa, onse ndi makandulo basi. Kapake. Ukwecheko ndi mphamvu, osati mwaulemu ngati ukusisita mwana wa bwana."

"Agogo, chitsulo si simenti."

"Iwe ndi amene ukudziwa zambiri, n'chifukwa chake zakuyendera bwino lero."

Ndinanyamula chitinicho n'kubwerera ku Chibanja. Podziteteza ndinene kuti sindinapake galimoto yonse. Ndinayesa pa chitseko chimodzi chakumbuyo, chakumanzere, kumene a NyaGondwe amakhala. (Chifukwa chimene ndinasankhira chitseko chimenecho pa zitseko zinayi, sindikuchidziwa mpaka lero.) Chinawala ndithu, ngati nsomba yokazinga. Patangopita mphindi zochepa fumbi lonse la m'galaja linali litakakamirapo, pamodzi ndi tizilombo tiwiri ndi nthenga ya nkhuku. Ndinatsukanso ndi sopo waufa uja. Mafuta anachoka. Fungo linakana.

Lamulungu m'mawa kunali kamvula kowaza, kaja kamene sikanyowetsa msanga koma sikasiya. Ndinafika molawirira n'kuimika galimoto pakhomo, ndikuganiza kuti ikakhala kale panja sadzalowa m'galaja ndi kapu yawo. Sindinaganize kuti kumwamba kuli kapu yaikulu.

A NyaGondwe anatuluka atavala bulauzi yoyera kwa nthawi yoyamba chichitikireni maliro, Baibulo lili m'khwapa.

"Mwawuka uli, mwana wane?"

"Nawuka makora, amama."

Anatsika masitepe, n'kuima kutsogolo kwa galimoto. Mvula inkagwera pa boneti n'kungoyala. Panalibe kamkanda ngakhale kamodzi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja, anadutsitsa chala pa chitsulocho monga ankachitira amuna awo, ndipo chinalira kuti tswii, ngati mbale yotsukidwa bwino.

"Yatha yokha?" anafunsa, osandiyang'ana.

Apa panali khomo lotseguka. Phula limathadi lokha, a Mhango ankanena zimenezi kawirikawiri. Ndikanangogwedeza mutu, monga ndachitira moyo wanga wonse, nkhani ikanathera pomwepo. Ndinamva khosi langa likukonzeka.

"Ayi, amama. Ndine."

Ndinawauza zonse, mwa dongosolo lake: makapu a tiyi, botolo, dzuwa, sopo. Ndikuganiza kuti m'zaka zinayi zonse sanandimvepo ndikulankhula mawu ambiri chotero. Anamvetsera mvula ikuwagwera pa duku.

"Nanga parafiniyu?"

"Polishi wa agogo. Wapansi."

"Wapansi."

"Chitseko chimodzi chokha, amama."

Pakamwa pawo panagwedera pang'ono. Sindinadziwe ngati kukubwera kuseka kapena kulira, ndipo ndikuganiza kuti nawonso sanadziwe. Chinatuluka ndi kampweya chabe.

"Adada anu akanakhalapo, bwenzi tikuika maliro anu lero," anatero. Kenako mawu anatsika. "Ndinakuuzani kuti madzi okha."

"Munandiuza, amama."

"Tiyeni. Tichedwa."

Anakhala kumbuyo, kumanzere, pafupi ndi chitseko cha parafini, ndipo anatsitsa galasi ngakhale kunali mvula. Pakhomo la tchalitchi mayi wina anawakumbatira, n'kuwafunsa ngati magetsi avutanso ku Chibanja, poti akumva fungo la nyali.

Ndinkayembekezera kuchotsedwa ntchito, ndipo mwina zikanandipepukira. Koma Loweruka lotsatira anandiitana pakhonde. Pa tebulo panali chitini chachikasu chija ndi vesiti yakale, yopindidwa bwino. Anatsegula chitinicho. Phula linali litatsala pang'ono pansi, ndipo pamwamba pake pankaoneka mizere yozungulira imene nsalu ya a Mhango inasiya tsiku lomaliza lija, ndi kadzenje ka chala chawo chachikulu m'mphepete. Tonse awiri tinayang'ana mmenemo.

"Munkawaona akupaka," anatero.

"Zaka zinayi, amama."

"Ndikudziwa. Inu mumaona zonse. Ndi kuseri kwa thanki komwe mumaona." Anandikankhira chitinicho. "Galimoto isakhale maliseche, ichita dzimbiri ndi mvula ya kunoyi. Kapakeni mmene ankachitira."

Ndinaimika galimoto pansi pa mtengo wa mapeyala. Kuti nditape phulalo ndinayenera kudutsitsa nsalu pa mizere ija, ndipo ndinatero, chifukwa panalibe njira ina. Kadzenje ka chala ndinakazungulira mpaka pamene phula lina lonse linatha, kenako nakonso ndinakatapa. Ndinapaka pang'onopang'ono, mozungulira, ndinadikira kuti lichite mbuu, ndinayesa ndi chala, ndinapukuta ndi vesiti. Zinanditengera m'mawa wonse. Kuwala kuja kunabwerera, kwa mkati, kofunda. Ndikunena zoona, munthu wodutsa mumsewu sakanasiyanitsa.

Ndinatunga madzi m'kapu n'kukaima pakhomo la khitchini.

"Amama, ndamaliza. Mubwere mudzaone."

"Yewo, mwana wane," anayankha ali chofulatira, akudula anyezi. "Ndikukhulupirira kuti yawala."

Ndinabwerera ndekha n'kuthira madziwo pa boneti. Anasanduka timikanda, anathamangira pansi onse, osatsala ndi kamodzi komwe. Ndinaima pamenepo ndi kapu yopanda kanthu mpaka ndinazindikira kuti ndikudikira munthu woti anene kuti akuthawa.

Ntchito ndikadali nayo. A NyaGondwe ndimawayendetsa kutchalitchi, kumsika, ndi kumanda mwezi ukatha. M'galaja sanalowenso m'mawa, ndipo kapu ija inabwerera pa thandala la mbale. Botolo la Che Saidi, lotsala theka, agogo analilanda. Amapopera pa galasi la wailesi yakanema ndi pa nsapato zawo za kutchalitchi, ndipo akuti n'labwino kwambiri, vuto linali wogwiritsa ntchito. Mwezi watha ndinapita kwa Che Saidi kukafunsa ngati angandipezere chitini china cha kanauba. Anandifotokozera mitundu itatu, kusiyana kwake, ndi kapakidwe kake, kenako anandifunsa ngati ndamva.

Ndinagwedeza mutu.